Timachesi Tiwiri ta Eufemia

Ndagi! Mwayankha? Chabwino, tcherani khutu. Amapasa awiri, oonda ngati mitengo ya machesi, ankagona m'nyumba yopanda chitseko, yopanda zenera. Kudya ayi, kumwa ayi, ntchito yawo kulavula basi, usana ndi usiku. Tsiku lina mwini nyumba podzuka anapeza amapasa aja abedwa, chonsecho nyumbayo anagona ataipanira kukhwapa. N'chiyani chimenecho?

Mwagwa nayo. Mbuzi yanga mubweretse pa siteji ya Chitakale, mufunse Esteri wa nanazi. Akulozerani, ena ndi chala, ena ndi mlomo. Yankho ndikupatsani ulere, koma kuseka musungire kumapeto, chifukwa pakati apa choseketsa n'chochepa.

Eufemia ndi mwana wa malemu achimwene anga. Anayamba kuthyola tiyi mawere asanamere, ndipo chaka chatha limodzi mwa mawere omwewo, lakumanzere, madokotala a ku Blantyre analidula. Khansa. Pomutulutsa anatiuza mosabisa kuti mtengo augwetsa, koma njere zake mwina zinagwa kale. Nthendayi akuti imayenda. Imadzera kukhwapa, n'kupita m'mapapo, kenako m'mafupa, ndipo ikafika kumeneko achibale amangoyamba kufunsa za matabwa.

Ndiye pa chipatala china cha kwathu kuno panabwera kafukufuku. Nesi wake, a Chiyembekezo, mayi wamfupi wosaseka chisawawa, anatikhazika pansi.

"M'malo moti azipita ku Blantyre kukalandira diripi, timuika timachubu tiwiri pansi pa khungu, mkati mwa mkono, pafupi ndi khwapa. Timeneti tizidontheza mankhwala pang'onopang'ono kwa miyezi itatu, pa njira yomwe nthendayo imadutsa, ngati mlonda wokhala pa mlatho. Koma ndi zoyesa, amayi. Sitikulonjeza kuti achira."

Eufemia anadinda chala. Inenso ndinadinda monga mboni, poti sukulu yanga inathera pomwe aphunzitsi anandilanda chingwe cholumpha. Nditationa timachubuto ndinati, "Aa, timachesi iti ndiye mlondayo?" Dzina n'kukhala lomwelo. Mlondayo anali waukali. Tsitsi la mwanayo linathothoka, m'kamwa munachita zilonda, akadya n'kusanza. Koma kukhwapa kunali zii, popanda chotupa.

*

Lolemba lina mu Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati layambana ndi phiri, ndinamuperekeza kukayezedwa monga mwezi uliwonse. Panjira ndinaona kuti akuponda mwamphamvu, ndipo pamutu titsitsi tayamba kumera. Ndinakondwa, chitsiru ine.

"Kwezani mkono," anatero a Chiyembekezo.

Eufemia anayang'ana pansi. Pamkonopo panali pomangidwa ndi kansalu. Nesi atamasula, fungo linatsogola. Panali bala lalitali ngati chala, lopakidwa jivi, mankhwala a mabala aja, losokedwa katatu ndi ulusi wakuda. A Chiyembekezo anadina apa, anadina apo, anabwerezanso. Kenako anavula magalasi.

"Mulibe."

"Mulibe chiyani?" ndinafunsa.

"Timachesi tanu tija. Wina wang'amba n'kutitulutsa, kapena watulutsa kamodzi kena kathawira mkati. Sindingadziwe. Makina athu ojambula satiwona timeneti."

"Ndiye ikani tina."

"Ndikaika tina kamodzi kali mkati, ndamupha ndine. Lamulo la kafukufuku ndi lakuti takale tioneke ndi maso, tonse tiwiri. Madokotala akubwera ndi tatsopano Lachisanu m'mawa. Tikapanda kupezeka, dzina lake alichotsa, malo ake apatsa wina." Anandiyang'ana m'maso. "China, amayi. Timeneti kwa munthu wosadwala ndi chiphe."

Pa polisi ndinapeza a Ganizani, wapolisi wachinyamata amene amadya nanazi zanga akati palibe amene akuona. Anakanda m'mutu ndi cholembera.

"Kuba m'khwapa? Azakhali, mlandu umenewu tiulemba m'gulu la kuthyola nyumba kapena chiyani?"

"Lembani kupha munthu," ndinatero. "Wakufayo sanafe chabe."

Anasiya kumwetulira. Anati ndikamva kanthu ndimuuze msanga.

*

Pobwerera tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo Eufemia anafotokoza, mawu ake ochepa ngati mchere wa pa maliro.

"Papita masabata atatu, azakhali. Linali Loweruka. Bambo a kunyumba anandipangira tiyi asananyamuke kupita ku Vila, kutsidya kwa malire, kukagula chimanga. Tiyiyo anali wowawa. Ndinagona. Podzuka dzuwa linali litapendeka, mkono ukupweteka, uli womangidwa."

"Osakuwa?"

"Ndimayesa mutu wanga wayamba kusokonekera, kuti mwina ndinagwa osadziwa. Iwo atabwera anati mwina ndinagwera pa khasu, achifundo ena n'kundimanga. Kenako kusanza kunaleka. Ndinayamba kudya." Anapukuta maso ndi chitenje. "Ndimayesa ndikuchira."

"Imani kaye. Mwamuna wako Vitorino anapanga tiyi?"

"Eya."

"Vitorino yemweyu? Zaka khumi ndi zinayi ali pa chikamwini, machesi sanayatsepo, kupatula a fodya wake?"



*

Moyandikana ndi kwa Eufemia mumakhala a Nilza, amene anabwera kuthawa nkhondo ya kwawo kutsidya kwa malire ali ndi mwana kumbuyo, n'kukhazikika. Maso awo anachita nkhungu, koma makutu awo amamva nyerere ikutsokomola. Lachiwiri m'mawa ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo.

"Esteri, ndiwe. Mapazi ako amakwekweza ngati mbuzi yotsimphina."

"Ndine, mfiti yokalamba. Loweruka lija Vitorino anapita ku Vila, munamva chiyani?"

"Njinga yake inatuluka mamawa, tcheni chikulira. Pronto, wapita. Kenako dzuwa litakwera kunabwera munthu. Sanadzere kukhomo, anadzera kuseri. Sanaodire. Phwa, phwa, phwa."

"Phwa phwa ndiye chiyani?"

"Majombo, iwe! Ndinati Mulungu wanga, ndani wovala majombo chilimwe chino, mvula kulibe, mame kulibe? Anakhalitsa ngati nthawi yophika nyemba za kalongonda madzi oyamba. Potuluka ndinamva tambala akulira mokakamizidwa, ngati wamupanira kukhwapa. Kuyambira tsiku limenelo, nada. Tambala wa Vitorino sanandidzutsenso."

Ndinazungulira kuseri. Kumeneko Vitorino anali atayala njerwa zake zoyembekeza uvuni. A Nilza anati anaziumba Lachisanu, dzulo lake la tsikulo. Ndinayenda mzere ndi mzere, msana ukudandaula. Pa ngodya penipeni panali njerwa imodzi yopondedwa ikadali yaiwisi. Dzuwa linaiumitsa pamodzi ndi phazi la jombo, mizere yake yonse ikuoneka, ndipo pa chidendene panali pobenthuka ngati dzino la nkhalamba.

Njerwayo ndinaikulunga m'chitenje, n'kuiika m'dengu pansi pa nanazi.

*

Vitorino ndinamudikira pa chigayo. Ndi munthu wamtali wofatsa, wa maso ofiira ndi fumbi la msewu. Atandiona anayamba kufufuza m'thumba ndisanatsegule pakamwa.

"Azakhali, ine kunalibe. Onani chiphaso cha pa boda, chidindo chake ndi ichi. Ndinadutsa Muloza eyiti koloko, ndinabwera madzulo. Funsani aliyense."

"Akamwini, ndakufunsani ine?"

Ndinachiyang'ana chiphasocho, n'kumubwezera.

"Chiphaso chanu n'choona. Kunalibe inu. Koma tiyi wanu analipo. Nanga tambala ali kuti?"

"Anadyedwa ndi vungo."

"Vungo wovala majombo?"

Munthu wamkulu uja anakhala pansi pa thumba la chimanga. Analira osabisa nkhope, anthu a pa chigayo akuyang'ana.

"Mkazi wanga amatha ndikuona, azakhali. Tsitsi lonse pa mkeka. Kusanza mpaka ndulu. Munthu wina wodziwa anandiuza kuti zimene anamuika si za khansa ayi, ndi zolera zomwe zija amaika azimayi pamkono, koma zamphamvu, zoyesera pa anthu osauka. Malo ake ndi omwewo, maonekedwe omwewo. Anati zikakhalamo mwezi wina tiika maliro. Anandipatsa mapiritsi awiri oti ndisungunule mu tiyi, ine ndichokepo. Malipiro ake anali tambala uja. Atazichotsa, mkazi wanga anayamba kudya. Ndinalakwa pati?"

"Munachotsa mlonda pa mlatho chifukwa amakuwa usiku. Munthuyo ndani?"

"Sindinganene. Anati ndikamutchula tikalowa tonse, ndipo Eufemia adzafera m'manja mwa eni."

"Nanga timachesito munataya kuti?"

Anandiyang'ana modabwa.

"Sanandisiyire. Anatenga tonse tiwiri. Anati ali nato ntchito."



*

Pa Chitakale anthu odziwa kusoka ndi ulusi wakuda ndi ambiri, koma ovala majombo mu Okutobala ndi mmodzi. A Pilato ali ndi kaokala kuseri kwa msika kogulitsa panado ndi mafuta a mphutsi za nkhuku. Amavala jekete loyera lofika m'mawondo, majombo oyera, ndi chingwe chomvera mtima m'khosi ngakhale popita kuchimbudzi. Amati anagwira ntchito zaka makumi awiri m'chipinda cha opaleshoni, ndipo madokotala achizungu ankawaitana akakanika.

Lachitatu m'mawa ndinapita ndi nanazi imodzi yakupsa bwino.

"Adokotala, ndabwera kudzapempha nzeru."

"Mwafika pa malo ake, mayi. Ena amapita ku Blantyre, Blantyre n'kuwabweza kuno."

"Mwana wa achimwene anga anamung'amba pamkono. Inu odziwa, angachite zimenezi ndani?"

"Komplikeshoni," anatero, akugwedeza mutu. "Anthu osaphunzira achuluka. Ine Loweruka limenelo ndinali ku Thuchila, kuthandiza mayi wina amene mwana anabwera chopingasa."

Ine za Loweruka sindinatchule. Ndinangogwetsa dala kampeni kanga, n'kuwerama kuti nditole. Anali atakhala pa mpando, phazi lina atalisanjika pa bondo. Chidendene cha jombo lakumanja chinali chobenthuka.

Ndinathamangira kwa a Ganizani.

"Tiyeni mukamugwire!"

"Azakhali, njerwa ikunena kuti anaponda kuseri kwa nyumba. Sikunena kumene kuli timachesi. Akangoona chipewa changa, taponyedwa m'chimbudzi, ndiye Lachisanu mupita ndi chiyani? Tinthu tochepa chonchi tingabisike ngakhale m'khutu."

Mwanayo ananena zoona, ndipo ndinamuda nazo.

*

Ndinabwerera pa malo anga mutu uli gwa. Pafupi ndi ine pamakhala Claudia, wogulitsa mandasi, mayi wa ana anayi, wotsiriza akadali ku bere. Claudia ndi munthu wonyadira tsitsi. Amalukitsa sabata ndi sabata, ndipo duku amavala pa maliro pokha. Tsiku limenelo anali atamanga duku mpaka m'nsidze, atatsamira khoma, milomo itauma.

"Iwe, wafa ndani?" ndinatero. "Kapena akulukira zoipa?" Ndinamupatsa kachidutswa ka nanazi.

Anangolawa n'kulavula, misozi ili mbwe. "M'kamwa muli zilonda, azakhali."

Mwa chizolowezi changa chosautsa ndinakoka dukulo. Linabwera m'manja mwanga pamodzi ndi malukidwe awiri athunthu. Pamutu panali madazi ngati munda wodyedwa ndi mbuzi.

Mutu wotero ndinali nditausambitsapo miyezi iwiri.

"Claudia, kweza mkono."

"Andilodza, azakhali, apongozi anga aja..."

"Kweza mkono!"

Jivi. Ulusi wakuda. Mfundo zitatu.

Anandigwira chitenje, akunong'ona. "Musauze bambo ake a ana. Iwo zolera amakana. Kuchipatala pamzere pamakhala alamu anga, akanandiona. Adokotala a Pilato anati ali ndi yapamkono yamphamvu, yochokera kunja, ya zaka zisanu. Anandiika kuseri kwa okala, palibe anaona."

"Liti?"

"Masabata atatu apitawo. Lamulungu."

Mwana kumbuyo kwake analira, kulira kofooka ngati kwa mwana wa mphaka. Claudia anayamba kumasula chitenje kuti amuyamwitse. Ndinamugwira dzanja.

"Usamupatse bere. Kabaza! Iwe wa kabaza, bwera kuno!"

Kuchipatala a Chiyembekezo sanafunse zambiri. Mwana anamutengera ku wodi ya ana, mayi ake n'kuwagoneka pa bedi. Ine ndinadikira pakhonde ndikuwerenga mapanga a chitsulo cha pa zenera. Patapita nthawi nesi anatuluka ndi kabotolo. Pansi pake panali kachesi koyera, kokhala ndi kadontho kobiriwira kumapeto.

"Ndi kathu. Mayiyu mwamupulumutsa, mwana tikumuyang'anira."

"Nanga kena?"

"Munali kamodzi kokha."

Kunatsala tsiku limodzi.

*

Usiku umenewo sindikufotokozerani, poti munalibe kanthu koma nsikidzi ndi maganizo. Lachinayi m'mawa ndinakaona Eufemia. Anali pakhonde akudzisisita kukhwapa, kufunafuna chotupa ndi nsonga za zala. Vitorino anali kuseri, osalowa m'nyumba, osachoka.

"Azakhali, kakapanda kupezeka basi, musavutike. Ana mudzawatenge inu. Kwa abale a bambo awo asapite."

"Khala chete. Ana ako amadya kwambiri, sindingawathe."

Anaseka pang'ono, ndipo kusekako kunandipweteka kuposa kulira.

Panjira ndinalingalira. Kachesi kachiwiri mwina kali kale m'mkono mwa mayi wina wa ku Milonde kapena kutsidya, amene sitidzamupeza mpaka atagona. Koma ngati sikanapeze wokagula, a Pilato sangakasiye m'okala momwe mkazi wawo amasesa. Kali pathupi pawo. Nanga munthu wotero mungamupangitse bwanji kuti atulutse yekha? Kumuopseza ayi. Kumupempha ayi. Mbuzi imagwidwa ndi mchere, nkhuku ndi madeya. A Pilato chakudya chawo ndi kutamidwa, ndipo chimene sangapirire ndi kuona mbale yawo ikudyedwa ndi wina.

Ndinapita kwa a Juma, telala wa pakhonde la sitolo moyang'anana ndi siteji, pomwe amuna amasewera bawo. A Juma ndi a Pilato sawonana bwino kuyambira pomwe telalayu anakana kupeta mawu oti Dokotala pa jekete lija.

"Che Juma, mukufuna kukhala dokotala kwa ola limodzi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ine, mayi, magazi a nkhuku omwe ndimathawa."

"Simugwira magazi. Mungovala kofia yanu ya Lachisanu, n'kumavomera chilichonse chimene ndinene."

Kenako ndinapita kwa a Ganizani, n'kumalizira kwa a Chiyembekezo. Nesiyo anati zimenezi ndi zamasewera. Ndinati eya, koma zanzeru zatikanika.

*

Dzuwa litapendeka pang'ono, pakhonde pa a Juma panali podzaza. A Ganizani anali pa bawo atavala malaya a mpira ndi kapusi, akuluza mwadala kapena mwachibadwa, sindikudziwa. Pakati pa azimayi ogulitsa tomato panakhala mayi wamfupi wa chitenje ndi duku, dengu lili pamiyendo, nkhope atazolika. A Pilato anafika nthawi yawo ya masiku onse, phwa, phwa, phwa, kafungo ka kachasu kakuwatsogolera.

Ndinayamba nthungululu.

"Lululu! Chitakale yatchuka! Che Juma, Mulungu akudalitseni manja amenewo!"

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa a Pilato.

"Simunamve, adokotala? Nkhani ya mwana wa achimwene anga yatha bwino. Apolisi ati palibe mlandu poti mwamuna wake ndiye analola. Koma madokotala a ku Blantyre ataona bala lija agwira pakamwa. Ati timachubu timeneti ngakhale iwo amatulutsa atatu, ndi magetsi, ndi makina. Ati amene anatulutsa yekha pa mkeka, n'kusoka mfundo zitatu zokongola chonchija, ndi munthu wosowa m'dziko muno. Akumufuna. Mawa kubwera galimoto kudzamutenga, akamujambule, akamupatse satifiketi ya chidindo chagolide."

Maso a a Pilato anayamba kuwala. "Ndiye amupeza?"

"Amupeza! Si awa a Che Juma? Ulusi wakuda, mfundo zitatu, ndani wina angasoke chonchija?"

A Juma anakonza kofia. "Ee, timayesetsa," anatero motsitsa mawu. "Mkono ndi thalauza sizisiyana kwenikweni. Bola kupinda bwino."

Anthu anawomba m'manja. Wina anafuula kuti Dokotala Juma. A Pilato anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa munthu amene waponda minga.

"Telala? Telala uyu? Mukudziwa kumene kumadutsa mtsempha waukulu, inu a Juma?"

"Umadutsa mkati," anatero a Juma.

"Tamverani! Mkati! Anthu inu, musapusitsidwe. Opaleshoni ija ndi ya munthu wa zaka makumi awiri m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni chenicheni. Pamafunika kuyeza mapiritsi ogonetsa molingana ndi thupi. Pamafunika dzanja losanjenjemera."

"Nsanje, adokotala," ndinatero. "Inu munali ku Thuchila, munandiuza nokha. Mwana wopingasa uja."

"Ku Thuchila ndinapita madzulo!"

"Aa, siyani. Aliyense angathe kunena. Mawa galimoto ikabwera, ngakhale ine nditi ndine. Che Juma, musaiwale kudzola mafuta, zithunzi zimafuna nkhope yowala."

"Ndagula kale," anatero a Juma.

Pamenepo mtsempha wa pakhosi pa a Pilato unatupa. Anaponda pansi ndi jombo.

"Mufunseni atulutse umboni! Ngati anachotsa ndi iyeyo, zili kuti zimene anachotsazo? Atulutse!"

A Juma anayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana kumwamba.  Ngati kachesi kaja kanali kale m'thupi mwa munthu, apa ndiye pothera pa Eufemia.

"Alibe!" anakuwa a Pilato. "Alibe, chifukwa mwini ntchito ndi uyu!"

Anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete, natulutsa kachikwama ka magalasi. Anatsegula. Munali thonje. Anafunyulula thonjelo pang'onopang'ono kuti aliyense aone, nanyamula m'mwamba kachesi koyera, ka kadontho kobiriwira kumapeto.

"Ichi n'chiyani? Telala angakhale nacho ichi? Tinali tiwiri. Kena ndinathandiza nako mayi wina, aka ndikusungira wa ku Milonde amene abwere Loweruka. Galimotoyo ibwere kwa ine!"

Mayi wamfupi wa duku uja anaimirira, navula dukulo, navala magalasi. M'dengu mwake anatulutsa kabotolo ndi kopanira.

"Ponyani muno."

A Pilato anaponya asanaganize, monga munthu wozolowera kumvera mawu amenewo. A Chiyembekezo anatseka kabotolo, nakayang'anitsitsa padzuwa, nakazunguza.

"N'kathunthu," anatero kwa ine. "Takwana tiwiri. Mawa seveni koloko Eufemia abwere asanadye kanthu."

 Ndinakhala pa dengu la tomato wa eni, ndipo mwini wake sanandikalipire.

A Ganizani anali ataimirira kale kumbuyo kwa jekete loyera, unyolo uli m'manja. Ndinafunyulula njerwa ija. A Ganizani anawavula a Pilato jombo lakumanja n'kuliika pamwamba pake. Linalowa ngati kwawo, chidendene chobenthuka ndi pobenthuka pake.

"Mukulakwitsa!" anakuwa a Pilato, akudumpha ndi mwendo umodzi, sokosi yobooka ikuonetsa chala. "Ndine munthu wachipatala! Sisitala, auzeni anthuwa! Majombo awa ndi a m'fiyeta!"

A Chiyembekezo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku sokosi. Kenako anatsitsa magalasi.

"Dikirani. Si inu a Pilato a mopu? A ku wodi ya amuna, pamene ndinali wophunzira?" Anatembenukira kwa anthu. "M'fiyeta analowamo kamodzi, kukakolopa. Anaona thonje la magazi m'ndowa n'kukomoka. Tinawatulutsa pa machira anthu anayi. Majombowa anapita nawo tsiku lomwe anawachotsa ntchito."

 Kenako a Juma anayamba, kuseka kwa kutsokomola, mpaka kofia inagwera pa makina. Azimayi a tomato anatsatira, ena akugwirana mapewa, ena akumenya pansi. Makondakitala anasiya kuitanira. Wa kabaza wina anathamangira m'sitolo n'kubwera ndi mopu, naupereka mwaulemu ndi manja awiri.

"Adokotala, mwaiwala chida chanu cha opaleshoni."

Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, misozi ikutsika, ndipo sindinadziwe kuti ina ndi ya Claudia ndi kamwana kake, ina ndi ya Eufemia, kapena yonse ndi ya sokosi ija. A Ganizani anawatsogoza kudutsa pakati pa msika, jombo limodzi kuphazi, lina lili m'manja mwa boma pamodzi ndi njerwa. Phwa, tswii. Phwa, tswii. Ndipo msika wonse, kuyambira pa nanazi mpaka pa matemba, unkawafunsa mokuwa kuti galimoto ya satifiketi ija iwapeze kuti.